Tayala Limodzi la ku Rockingham

Tinanyamuka ku Balga Loweruka m'ma eyiti koloko m'mawa, mwezi wa Julaye, ine pachiwongolero, amalume kumpando wakumbuyo. Ndikati amalume ndikunena a Kamwendo, malume wawo wa amuna anga, amenenso ndi ankhoswe a banja lathu. Anali atakhala ku Canada zaka makumi awiri, ndipo anabwera kudzationa kwa masabata atatu. Amuna angawo, a Yohane, anali kumgodi kumpoto monga ankachitira anthu ambiri zaka zimenezo: masabata awiri m'fumbi lofiira, sabata imodzi kunyumba, kupita ndi kubwera pandege.

Ndalama za kumgodi zomwezo ndi zimene zinatigulira Namondwe, galimoto yofiira ya zitseko ziwiri, injini ya masilinda eyiti, yoti ikalira agalu a mumsewu mwathu onse amayankha. Ogula anali a Yohane, koma woyendetsa tsiku ndi tsiku ndinali ine, popita ku Crawley kumene ndinkacheka ndi kupukuta miyala yoyeza ku yunivesite. Ndisabise, galimoto imeneyo ndinkaikonda kuposa mipando yonse ya m'nyumba mwanga.

Ulendowu unabadwa tsiku limene ndinakatenga amalume kubwalo la ndege. Kunkagwa mvula, ndipo pa raundabauti ina Namondwe anagwedeza matako ngati wamva ng'oma. Ndinamubweza bwinobwino, koma amalume anali ataziona. Kutacha ndinawapeza atagwada panja, akusisita matayala, ndipo zoona anali atatha, osalala ngati dazi. Chigamulo chinatuluka pomwepo: ino ndi nyengo yozizira, galimoto yamphamvu chonchi ikufunika matayala a chisanu, amene ku Canada aliyense amaika chipale chisanayambe kugwa. Pofika madzulo anali atapeza kale pa intaneti munthu wa ku Rockingham wogulitsa anayi, atamuimbira, atamulonjeza kuti tikubwera Loweruka. Olipira akhala iwo, ikhale mphatso.

Ine mtima unangoti myuu. Ndinkadziwa kuti matayala a chisanu ndi a labala wofewa, wopangidwira msewu woundana. Kuno ku Perth chipale sitinachionepo, ndipo ikafika Disembala phula limawotcha mpaka kudutsa nsapato. Pamsewu wotentha matayala otere amanyenyeka msanga, ndipo ukaponda buleki galimoto imayamba yaganiza kaye isanaime. Pamatayala amenewo ndi pamene ndikanaika moyo wanga m'mawa uliwonse. Komanso mungakane bwanji mphatso ya ankhoswe, munthu amene anakagwada kwathu ku Dedza pondifunsira ukwati? Ndinaimbira a Yohane, iwo n'kungoti ndine wanzeru, ndipeza njira, basi foni n'kuduka. Amuna inu, Mulungu akukhululukireni.

Amalume analowa m'galimoto atavala za ku Canada zonse: chijasi chofika m'maondo, juzi, sikafu, chipewa chaubweya ndi magolovesi. Mpando wakutsogolo anaukana, pajatu munthu sakhala mogundana ndi mpongozi wake. Anadzipinda kumbuyo, maondo pafupi ndi chibwano, ndipo tisanatuluke pageti analoza pa dashibodi pamene pamaonetsa kuzizira kwa kunja. Panalembedwa madigiri naini. Anati ndione ndekha, chisanu chafika.

Titalowa mumsewu waukulu wa Mitchell wolowera kumwera, ndinayamba njira yanga, ija tinaphunzira kwathu yoti wamkulu sumutsutsa, umamufunsa ngati mbuli. Ndinawapempha kuti andiphunzitse: matayala a chisanuwa amayamba kugwira bwino kukazizira motani? Iih, nkhope inawala. Anandifotokozera kuchokera ku Stirling mpaka m'tauni, kuti labala wamba amauma gwa kuzizira kukatsika kupitirira madigiri seveni, pamene wa chisanu amakhalabe wofewa n'kumaluma msewu. Ndinavomera kuti eya, seveni, ndamva. Ndinabwerezanso seveni uja kawiri kuti akhazikike bwino m'galimotomo.

M'tauni zaka zimenezo kumwamba kunali makina onyamulira zitsulo okhaokha, nyumba zazitali zikumera paliponse. Tinakhotera mumsewu wa m'mphepete mwa mtsinje kuti tidzere ku Crawley, ndikasiye makiyi a kuntchito kwa mnzanga. Inali cha m'ma naini koloko. Ndikutuluka, ndinapeza amalume ataima pafupi ndi galimoto, magolovesi ndi chipewa zili m'manja, akuyang'ana atsikana awiri akuthamanga atavala makabudula. Mkulu wina woyenda ndi galu anawapatsa moni, n'kuwafunsa ngati akupita kokakwera phiri. Amalume anamuyankha mwaulemu kuti ayi, akupita ku Rockingham. Mkulu uja anayang'ana chijasi, anayang'ana kumwamba, n'kuwafunira ulendo wabwino. Dashibodi inali pa satini.

Tinawoloka mlatho wa Narrows n'kugwira msewu wa Kwinana. Msewu umenewu ndimaukonda: mtsinje kudzanja lamanja, mabwato oyera ali mbuu, sitima ya ku Mandurah ikuthamanga pakati penipeni pa magalimoto. Palibe polipira, umangoyenda. Sitima ina inatipitirira, Namondwe n'kumang'ung'udza pansi pa phazi langa, koma ndinamugwira pa handiredi yeniyeni. Matayala anali akutha, komanso kumbuyo kunali ankhoswe. Pagalasi ndinaona sikafu ikuvulidwa pang'onopang'ono, ngati munthu sakufuna kuti imveke.

Cha m'ma hafu pasiti naini tinaima pafilingi titangochoka mumsewu waukulu. Namondwe amamwa petulo ngati ali pamaliro a mfumu, ndiye ndinathira wa madola sikisite. Tinagula mapayi a nyama awiri, lililonse madola anayi ndi theka, ndi khofi wa madola asanu amene amalume anati ku Canada akanamwa kawiri. Pamzere panali anyamata ovala malaya achikasu a kuntchito, wina atangovala patapata. Mmodzi anandifunsa ngati galimoto yofiirayo ndi ya amuna anga. Ndinamuuza kuti amuna anga amangoikwera ndikawalola, mzere wonse n'kuseka. Pobwerera m'galimoto chijasi chinapita kubuti, ndipo amalume anati n'chifukwa cha payi, anali wotentha kwambiri.

Kuchoka apo msewu umadutsa m'mafakitale a ku Kwinana, matanki akuluakulu, michumuni, malole onyamula mapaipi, kenako mwadzidzidzi nyanja n'kuonekera. Ndinafunsanso ngati mbuli: nanga matayala aja kukatentha amatani? Amalume anati ku Canada amawachotsa chisanu chikatha, amakhala ndi ena a chilimwe. Ndinati ooh. Kenako anafunsa kuti kuno kumazizira kwambiri mwezi uti. Ndinayankha ndikuyang'ana kutsogolo kuti ndi uno. Dashibodi inali pa seventini.

Tinafika kwa wogulitsa uja itangokwana teni. Anali mzungu wamtali wa ndevu zofiira, nayenso wa kumgodi, amene anabwera kuchokera kudziko lozizira ndi katundu wake yense m'kontena. Matayala anayi anali atawayala padzuwa kutsogolo kwa galaja, atsopano ndithu, timizere tawo tili gwa. Amalume, tsopano atatsala ndi malaya okha, anagwada n'kudinikiza chala chachikulu pa limodzi. Labala analowa ngati mkate. Anafunsa chifukwa chogulitsira, mwini wake n'kunena mosabisa kuti zaka zitatu sanawaikepo ngakhale tsiku limodzi.

Kenako munthu uja anaona Namondwe, n'kutembenukira kwa ine. Anthu akuno sazungulira. Anandifunsa pamaso pa amalume ngati ndi ine ndimayendetsa galimotoyo, ndipo ngati ndikudziwa kuti matayala amenewa kuno sangandithandize, mwinanso angandivulaze. Abale, njira yanga yonse ija, ya seveni ndi ya ooh, inathera pompo. Ndikati eya, ndachititsa manyazi ankhoswe pamaso pa mlendo. Ndikati ayi, ndanama, ndipo matayala akwera. Ndinayang'ana pansi n'kunena m'Chichewa kuti zimene anganene amalume ndi zomwezo.

Amalume anadzuka, anasasa fumbi m'maondo.

"A Naphiri, mumadziwa?"

"Eya, amalume."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku lomwe munanena lija."

"Ndiye mukanakwera pamatayala amenewa, n'kumapita nawo kuntchito?"

Ndinati mphatso ya ankhoswe sakana. Ndinali ndi mantha enieni kuti ndawakhumudwitsa. Koma iwo anandiuza zimene sindinkazidziwa. Chaka chawo choyamba ku Canada palibe anawauza za matayala. Tsiku lina galimoto inatsetsereka pamadzi oundana n'kukagwera m'ngalande, azakhali, akazi awo, ali momwemo ndi pakati pa mwana woyamba. Onse anapulumuka, koma kuyambira pamenepo analumbira kuti mwana wa kwawo aliyense wogula galimoto kunja adzamuuza. Ndiye Namondwe atagwedezeka pa raundabauti paja, iwo anaonanso ngalande ija.

"Ndinaona ngalande, osaona dziko," anatero. Atatero anayamba kuseka, kuseka kwenikweni mpaka kugwira bondo. "Safunsa anadya phula. Ine ndatsala pang'ono kudyetsa phula mpongozi wanga."

Mzungu uja ankangotiyang'ana, osadziwa ngati tikukangana kapena tikupemphera. Amalume anamufotokozera kuti anayi sitigula, koma iwo analonjeza kuti abwera kudzagula, ndipo mawu a munthu wamkulu sagwa pansi. Agula limodzi. Munthuyo anati tingotenga ulere, amalume anakana, mpaka anagwirizana madola makumi awiri. Anatilozeranso kogulitsa matayala chapafupi, n'kutichenjeza kuti Loweruka amatseka thwelofu.

Vuto linali poliika tayalalo. Buti ya Namondwe ndi yongokwana chijasi ndi zikwama ziwiri. Tinalikankhira kumpando wakumbuyo, n'kudzaza malo onse a amalume. Tinaima tonse awiri tikuyang'ana mpando wakutsogolo. Iwo anakanda m'mutu, anati mwambo unapangidwa anthu asanaone galimoto ya zitseko ziwiri, n'kulowa.

Kumatayala tinafika koloko ili pa leveni. Wotithandiza anali bambo wa ku Zambia, amene atangomva tikuyankhula anasiya Chingerezi n'kuyamba chiyankhulo cha kwawo. Amalume, ataphunzira phunziro lawo, anafunsa mafunso ngati mwana wa sukulu. Bamboyo anagubuduza mitundu iwiri: ena a liwiro, ogwira kwambiri pamsewu wouma, ena a nyengo zonse, okhala ndi ngalande zakuya zotayira madzi.

"Ba mudala, kuno kulibe sinoo, ni mvula na zuba chabe," anatero. "Manje funsani ba sisi, ndiye bamene bayendetsa motoka."

Amalume anatembenuka n'kundifunsa, ine, pamaso pa anthu, kuti ndikufuna ati. Mtima wanga unkakokera ku a liwiro aja, ndisaname. Koma ndinaganiza za m'mawa wamvula pamsewu wa ku Crawley, mabasi akuima mwadzidzidzi, komanso kuti a liwirowo sachedwa kutha kwa munthu woyenda tsiku lililonse. Ndinasankha a nyengo zonse. Amalume anati ndi amene iwonso amaganiza, ndipo ine ndi bambo wa ku Zambia uja tinavomera kuti inde, zimaoneka.

Pamene ankawamanga tinayenda wapansi kupita kunyanja. Tinagula nsomba ndi tchipisi za madola thwelofu, zokulunga m'pepala, n'kukhala pakapinga. Mbalame zoyera za kunyanja zinatizungulira ngati achibale pa tsiku la malipiro, ina n'kulanda tchipisi m'manja mwa amalume. Iwo anavula nsapato ndi masokosi, anapinda buluku, n'kukaponda m'madzi. Munthu amene ananyamuka ku Balga ngati wopita kumwezi anali ataima m'nyanja, pakati pa chisanu, akundikodola kuti ndiwajambule atumizire azakhali.

Tinayamba ulendo wobwerera cha m'ma wani koloko. Tisanafike pa mlatho wa Canning mitambo inachita bii kuchokera kunyanja, mvula n'kukhuthuka yeniyeni, ija ya ku Perth yobwera cham'mbali. Magalimoto a kutsogolo anayatsa nyali zofiira onse pamodzi. Ndinaponda buleki, ndipo Namondwe anaima pomwe ndinamuuza, osagwedeza kalikonse. Ndinamva amalume akutulutsa mpweya. Dzanja lawo, limene linagwira chitseko, linabwerera pabondo.

Mvula itadukiza ndipo msewu utatseguka, anayankhula akuyang'ana kutsogolo. Anati nkhoswe amene sauzidwa zoona sangateteze banja, ndiye kuyambira lero ndikadziwa chinthu ndizinena, ulemu uzibwera pambuyo. Ndinati ndamva, amalume. Ndinali ndi chimwemwe chochuluka moti ndikanatha kuimba. Tinadutsa mlatho wa Narrows uja, tinalowa polowera msewu wa kumpoto pamene galimoto imayenera kukwera liwiro, iwo n'kutsokomola pang'ono.

"A Naphiri, malire ndi handiredi, eti? Tafikanipo msanga, timve injiniyo."

Ndinaponda. Namondwe anabangula, amalume anakanikizidwa kumpando n'kukuwa dzina la azakhali, kenako tonse tinaseka mpaka ku Balga.

Pa ulendo umenewu ndinaphunzira kuti kukhala chete kwanga, kumene ndinkakuyesa ulemu, kukanaika amalume m'ngalande ija kachiwiri. Tayala la chisanu lija lili kuseri kwa nyumba mpaka lero. Ndinalidzaza dothi n'kudzalamo mpiru, ndipo amalume akaimba foni kuchokera ku Canada, asanafunse za a Yohane, amayamba afunsa ngati tayala lawo likugwira bwino.