Feliya Mphepo ndi Galimoto ya Mipando Iwiri

A Feliya Mphepo kwawo sikunali ku Kasungu. Anabadwira ku Phalombe, ndipo ku Lisasadzi anafika ali ndi zaka khumi, atakwera lole yomwe inkatuta mabanja a matenanti kudzalima fodya pa esiteti. Makolo awo analima zaka zinayi n'kubwerera kwawo. A Feliya atakula anabweranso okha, poyamba kudzasoka fodya m'zigafa, kenaka kudzasankha masamba m'shedi. Kumeneko ndi komwe anakumana ndi a Cornelius Mphepo a ku Lukwa, makaniko wa pa esitetipo, munthu wamtali, wosakonda zoyankhulayankhula. Anakwatirana, n'kubereka mwana mmodzi yekha, Maureen.

Chaka china madalaivala awiri anasiya ntchito fodya ali pakati pothyoledwa. A Cornelius, omwe ankaphunzitsa akazi awo chiwongolero masana a Lamulungu, anauza manejala kuti awayese. Manejalayo anavomera monyinyirika. A Feliya anayendetsa thirakitala ya pa esitetipo zaka khumi ndi zitatu.

Kuseri kwa galaja kunali galimoto yakufa, ya mwana wa mwini esiteti yemwe anapita kunja osabweranso. Inali yofiira, yaifupi yolekeza m'chiuno, ya mipando iwiri basi. Denga lake linali la lona lopindira kumbuyo, koma makoswe anali atalidya mpaka kutsala zitsulo zokha. Nkhuku zinkaikira mazira pa mpando wa dalaivala. Esiteti itagulitsidwa mu 2003, mwini wake anauza a Cornelius kuti ngati akuifuna aichotsepo. Anaikoka ndi ng'ombe ziwiri mpaka pa malo omwe banjali linali litapeza kufupi ndi msika wa ku Lisasadzi. Anthu ataiona anaitcha bafa, ndipo dzinalo silinachoke.

A Cornelius anaikonza zaka zinayi. M'mawa ankapita kudimba kapena kukakonza zigayo za anthu, madzulo n'kugona pansi pa galimotoyo ndi sipanala. Zitsulo zina anazitola m'magalaja a pa Boma, zina anachita kusula okha. Mu Julayi 2007 injini inalira koyamba, galimoto ili pa njerwa chifukwa matayala anali asanapezeke. Matayala anafika mu Ogasiti. Sabata yomweyo, a Cornelius akusamba m'manja kuti adye, anagwa chammbali. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, ndipo lilime linalemera moti mawu ankatuluka amodziamodzi.

Atatuluka m'chipatala ankangokhala pakhonde, maso ali pa galimoto. Chakudya ankangochilawa. Tsiku lina a Feliya anakhala pansi pafupi nawo.

"Bambo a Maureen, ikukupwetekani mtima galimoto imeneyi. Tiigulitse?"

A Cornelius anapukusa mutu. Anakweza dzanja lakumanzere, kuloza akazi awo, kenaka kuloza chiwongolero.

"Ine? Ine ndimadziwa thirakitala. Kagalimoto aka ndingakagwetsere m'ngalande."

"I… inu," anatero a Cornelius, thukuta lili pamphumi chifukwa cha liwu limodzilo.

A Feliya anatha masiku anayi akumanga matayala ndi kuthira mafuta, amuna awo akulozera ndi ndodo. Lachisanu m'mawa, mwezi wa Okutobala, anaitana a Amisi, telala wa pamsika yemwe anali mnzawo wa a Cornelius kuyambira kalekale, kuti adzathandize kunyamula wodwalayo. Pochoka kuchipatala panafunika amuna anayi kuti amukankhire m'minibasi. Apa zinali zina. Popeza denga panalibe ndipo mpando unali pansi, anthu awiri anangomutsitsiramo ngati akumukhazika pamkeka.

Injini inazima kawiri asanatuluke pabwalo. Phazi la a Feliya linali litazolowera kilachi yolimba ya thirakitala, pomwe iyi inkangofuna kuikhudza. Kachitatu galimoto inadumpha ngati mbuzi yoduka chingwe, n'kuphwasula mbali ya mpanda wa udzu. A Amisi anagwira chipewa chawo, koma a Cornelius anamenya chitseko ndi chikhatho kuti apitirize.

Pa msewu wafumbi anayenda pang'onopang'ono, mimba ya galimoto ikukhula pansi pa bampu iliyonse. Atafika pa tala, a Cornelius anamenyanso chitseko. A Feliya anasintha giya. Anamenyanso, iwo n'kusinthanso. Minda yotenthedwa ndi zigafa zopanda fodya zinayamba kudutsa mofulumira kuposa momwe mayiwo anazionerapo chibadwire. Mphepo inawavula duku n'kupita nalo kutchire. A Feliya anayamba kupemphera mokweza m'Chilomwe cha amayi awo. Atayang'ana kumanzere anaona amuna awo atatsinzina, mutu utapendekera kutsogolo, akumvetsera injini.

Patapita kanthawi a Cornelius anakweza dzanja kuti aime. A Feliya ataponda buleki, galimoto inapatukira kumanzere mpaka tayala linatsika pa tala.

"I… ikukoka," anatero a Cornelius. Anapuma. "Mawa… tikonze."

Chigwereni anali asanalumikizepo mawu atatu. A Feliya anazimitsa injini. Kenaka anatuluka, nayenda wapansi kubwerera m'mbuyo kukafuna duku lawo. Sanalipeze, koma anatenga nthawi yaitali asanabwerere, ndipo pobwera maso awo anali ofiira.

Kuyambira pamenepo a Feliya anakhala manja a amuna awo. Anaphunzira kukonza mabuleki, kutsuka mapulagi, ndi kudziwa fungo la waya wopsa. Anapita ku Lilongwe kukakonzetsa mapepala a galimoto ndi laisensi yawo. A Amisi anasoka denga latsopano ndi tenti yakale ya lole, singano zitatu n'kuthyoka pa makina awo. Dengalo linkateteza dzuwa, koma mvula ikabwera madzi ankadontha pa bondo la dalaivala. A Cornelius sankalifuna n'komwe. Likatsekedwa ankakoka kolala ya shati ngati akubanika, choncho nthawi zambiri linkakhala lopinda, ndipo awiriwo ankafika kulikonse ali mbuu ndi fumbi.

Kukhala nayo galimotoyo sikunali kophweka. Kumudzi munthu wa galimoto sadutsa anzake panjira, koma a Feliya analibe powakhazika. Ankadutsa amayi anzawo a mvano akupita kumaliro, n'kungowakwezera dzanja. Ena anayamba kunena kuti mayi wa ku Phalombe wayamba kunyada. Wina anawauza pamaso, pachitsime, kuti galimoto ya anthu awiri ndi ya munthu wopanda abale. A Feliya anatunga madzi awo n'kumapita.

Chaka chomwe analandira makuponi, anati akatenge okha feteleza wawo kudepoti. Thumba limodzi analikhazika pa mpando wa amuna awo, lina analimangirira kumbuyo ndi linya. Asanayende mtunda wautali galimoto inakhala pansi pakati pa mizere ya matayala a malole, n'kukanirira. Anthu omwe anali pamzere wa feteleza uja ndi omwe anadzainyamula, akuseka. Kuyambira tsiku limenelo matumba ankabwera pangolo ngati a wina aliyense. Mvula ikakhazikika mu Disembala, njira yodutsa padambo inkasanduka phala, ndipo galimoto inkabwerera pa njerwa mpaka mu Epulo.

Koma m'chilimwe, Lachiwiri lililonse, inkapita pa Boma, komwe a Cornelius ankakaphunzitsidwa kuyendetsa mwendo ndi dzanja. Pobwerera ankaima pa galaja ina ya pansi pa mtengo, ya amakaniko omwe ena mwa iwo anaphunzira ntchito kwa a Cornelius. Amakanikowo ankabweretsa galimoto yowavuta pafupi, n'kuiliza. A Cornelius ankamvetsera ali pa mpando wawo, n'kunena liwu limodzi kapena awiri, a Feliya n'kumasulira.

"Akuti musavutike ndi pampu. Akuti muone lamba."

"Madala, lamba tasintha dzulo."

"La… lakhwepa."

Akatsegula ankapeza kuti lakhwepadi. Masiku amenewo a Cornelius ankadya bwino akafika kunyumba. Dzanja silinabwerere, koma pofika mu 2009 ankayenda ndi ndodo kuchoka pakhonde kukafika pagalimoto popanda wowagwira.

Mu 2011 petulo anasowa m'dziko. A Feliya anakhalapo pamzere masiku awiri pa Boma, dzuwa likuwawotcha m'galimoto yopanda denga, n'kubwerera ndi malita asanu. Maulendo a Lachiwiri anayamba kudumphadumpha, kenaka anatha. Mafuta omaliza anawagwiritsa ntchito mu Novembala, a Cornelius atapempha kuti akaone nazale za fodya pa esiteti yawo yakale. Anakapeza eni ake atsopano atadzala chimanga ndi soya, galaja ija atasungiramo mbuzi. A Cornelius anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti azipita.

Mu Januwale 2012, mvula ili pachimake, a Cornelius anadwala chibayo. Thanki inali youma. A Amisi anabwereka ngolo, nawagoneka pa matiresi, a Feliya atawafunditsa pulasitiki ya pa chigafa. Chifukwa cha matope, ng'ombe zinatenga maola awiri kuti zifike pa tala, pomwe anakwera minibasi. A Cornelius anamwalira m'chipatala patatha masiku atatu. Maureen, yemwe anali atakwatiwa ku Lilongwe, anafika mochedwa ndi tsiku limodzi. Ali kulira anati bambo ake awapha ndi kusowa kwa petulo.

"Ayi mwanangu," anatero a Feliya. "Ngakhale thanki ikanadzaza, padambo paja sikanadutsa. Usadzivutitse ndi zimenezo."

Maliro anakaikidwa ku Lukwa. Pa tsiku lometa, a Nelson, mng'ono wawo wa malemu, ananena pamaso pa abale kuti nyumba ndi munda zikhale za alamu awo, koma galimoto ibwere kumtundu, chifukwa ndi thukuta la achimwene awo. Maureen anafuna kuyankha, koma amayi ake anamugwira mkono.

"Ndamva alamu. Mafuta akapezeka ndidzabwera nayo ndekha."

Anapita nayo mu Juni. Panjira yonse mpando wakumanzere unali wopanda munthu, ndipo a Feliya anazindikira kuti ankachedwa kusintha magiya, kudikira kuti wina amenye chitseko. Atafika anaonetsa a Nelson pothira madzi, pothira oyilo, ndi momwe kilachi imafunira phazi lopepuka. Anapereka kiyi ndi manja awiri, nabwerera pa kabaza.

Miyezi iwiri itadutsa, a Nelson anatulukira ku Lisasadzi pa njinga. Anakhala pakhonde nthawi yaitali akukamba za mitengo ya fodya ku okushoni asanafike pa chomwe anadzera.

"Alamu, galimoto ija yakana. Ndaitana amakaniko awiri, alephera."

A Feliya anatenga thumba la masipanala n'kukwera pa keliyala. Ku Lukwa anapeza galimoto ili pansi pa mtengo wa mango, galasi limodzi litasweka, m'kati muli makoko a mtedza. Anatsegula kutsogolo, nachotsa kapaipi ka mafuta, n'kukapemerera ndi pakamwa mpaka dothi linatuluka. Injini inalira. A Nelson anavula chipewa n'kuyamba kuchipotokola m'manja.

"Ine chibwerereni sindinayende nayo kupitirira pa sukulu apo. Ndikakhalamo ndimaona ngati ndavala malaya a achimwene iwo akuona. Itengeni alamu. Ndinalakwa kuipempha."

"Simunalakwe. Munali pa chisoni ngati ine."

Anabwerera nayo tsiku lomwelo. Zaka zitatu zotsatira, mpando wakumanzere unanyamula anthu ambiri, mmodzimmodzi: amayi oyembekezera, nkhalamba zokalandira mankhwala a shuga, ndi a Amisi omwe maso awo anali atachita ng'ala. Mayi uja wa pachitsime anakweranso, mwendo wake utatupa, ndipo ulendo wonse awiriwo anakambirana za mbewu ya mtedza.

Mu Seputembala 2015, akuchokera pa Boma, china chake chinaduka m'bokosi la magiya, galimoto n'kuima pakati pa msewu. Amakaniko atamasula anapeza kuti chitsulo chothyokacho sichipezeka ku Kasungu, ku Lilongwe, ngakhale ku Blantyre. Maureen anafunsa mpaka kwa anthu opita ku Joni, koma sizinatheke. Mphunzitsi wina wa pa sukulu ya ntchito zamanja atamva, anabwera kudzapempha kuti ophunzira ake aziphunzirirapo. A Feliya anaganiza sabata imodzi, kenaka anavomera. Anaitsuka yonse, napukuta mipando, ndipo lole yodzaitenga itabwera anathandiza nawo kumanga zingwe, akudzudzula anyamata omwe ankafuna kukoleka unyolo pamalo pofewa.

Maureen anawatenga kuti akapumeko ku Lilongwe, n'kuwapempha kuti akhazikike konko. Anakhalako milungu itatu. Atamva pa wailesi kuti mvula yoyamba yagwa ku Kasungu, analongedza chikwama chawo, nauza mwana wawo kuti munda sunagalauzidwe ndipo mbuzi anangosiyira anansi. Anakwera basi ya m'mawa, natsikira pa msika wa ku Lisasadzi, n'kuyenda wapansi mpaka kwawo.