Ndinabisa Kutentha kwa Mwendo wa Njiva

Inu owerenga, ine ndinapundula hatchi imene ndinailera ndi manja angawa. Sindinaipundule ndi chikwapu kapena ulesi ayi, koma ndi chisoni chimene ndinamvera munthu wamasiye. Ndikuulula izi kuti wina amene akusamala chiweto chovulala asachite zimene ndinachita ine.

Ndinabadwira m'komboni ya pulazi ina cha ku Darwendale. Bambo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito ya fodya, koma ine ndinakulira kukhola la mahatchi. Abwana anga ndi akazi awo ankakonda mpikisano wa mtunda wautali, uja hatchi imathamanga makilomita makumi asanu ndi atatu tsiku limodzi, n'kumaima apo ndi apo kuti madokotala a ziweto aiyeze mtima ndi miyendo. Hatchi ya abwanawo inali yaikazi, yotuwa, dzina lake Njiva.

Abwana anamwalira mwadzidzidzi mu Ogasiti. Mwezi usanathe, Njiva naye anaponda dzenje lobisika mu udzu n'kuvulala mtsempha wa mwendo wakutsogolo. Dokotala anabwera ndi makina ounikira, ndipo anatiuza kuti mtsempha umachedwa kupola kuposa fupa. Anati Njiva akhale m'khola miyezi itatu, kenaka ndiziyenda naye pa chingwe, kumawonjezera timphindi pang'onopang'ono. Zothamanga ayi kufikira atadzamuunikanso. Pochoka anandigwira paphewa n'kunditchula kuti Sekuru, mmene amatchulira bambo wachikulire kuno.

"Sekuru, dzanja lanu ndiye makina anga. Mukamva mwendowu ukutentha, ngakhale pang'ono, siyani zonse mundiimbire."

Miyezi yoyambayo ndinatsata zonse. M'mawa uliwonse ndinkasisita mwendowo kuyambira pabondo mpaka pachiboda, n'kuuyerekeza ndi unzake. Amai, akazi a malemu aja, ankabwera kukhola tsiku ndi tsiku. Ankangotenga bulashi ya amuna awo n'kumapesa Njiva, nthawi zina misozi ili chuchuchu. Anali atawonda kwambiri, ndipo tonse pa pulazipo tinkawadera nkhawa.

Mu Malichi dokotala anaunikanso n'kutilola kuti tiyambe kumuthamangitsa pang'ono pamalo osalala. Tsiku limenelo Amai anandiuza kuti akufuna kudzakwera Njiva pa mpikisano wa mu Julaye, umene amuna awo sankauphonya. Anati kamodzi kokha, kenaka basi. Dokotala anati Julaye wayandikira kwambiri, koma tione mmene mwendo uziyankhira. Ndikuuzani zoona, aka kanali koyamba kuwaona Amai akumwetulira chichitikireni maliro. Anayambanso kudya, anayambanso kufunsa za kumunda. Mumtima ndinalumbira kuti Njiva adzapita basi.

Ndinayamba kuwonjezera mtunda mofulumira kuposa mmene tinagwirizanirana. Ndinkamutengera m'njira zotchingira moto m'mphepete mwa minda, kenaka kuchitunda cha miyala kuseri kwa damu. Njiva ankasangalala, makutu ali njo, akukoka zingwe kuti ndimusiye athamange.

M'mawa wina mu Meyi ndinagwira mwendo uja n'kumva kutentha. Panali katupidwe kochepa, kutalika ngati chala. Sankatsimphina. Foni inali m'thumba, nambala ya dokotala ndinali nayo. Koma ndinaganiza za nkhope ya Amai, n'kutenga paipi ya madzi ozizira kuthirira mwendowo mpaka unazizira. Amai atafika anaugwira n'kunena kuti uli bwino, ine n'kuvomera.

Ndinachita zimenezi kwa milungu isanu ndi umodzi. Ndinkalawirira kukhola, kuthira madzi, kumata dothi la kudambo, n'kulitsuka Amai asanafike. Ndinkadziuza kuti ndi kutopa chabe. Mkazi wanga yekha ndiye anadziwa, chifukwa ankaona thalauza langa lonyowa m'nyengo yozizira. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Bambo a Tereza, Amaiwo mwawanamiza, nanga mwendowo muunamizanso?" Ndinamukalipira kuti za mahatchi sazidziwa.

Tsiku la mpikisano Njiva anadutsa kwa madokotala popanda vuto, poti mwendo ndinali nditauziziritsa. Chigawo choyamba anamaliza bwino. Pa chachiwiri anzawo onse anabwerako, koma Amai ndi Njiva ayi. Patapita nthawi yaitali ndinawaona patali, Amai akuyenda pansi atagwira chingwe, Njiva akudumphira miyendo itatu. Anali atayenda choncho mtunda wautali ndithu. Thukuta linali litamunyowetsa thupi lonse, koma atandiona anafwenthera n'kundigunda ndi mphuno monga mwa masiku onse.

Dokotala wathu uja anapeza kuti mtsempha wang'ambika pomwe paja, ndipo moposa poyamba. Anandiyang'ana n'kufunsa ngati sunatenthepo m'mbuyomu. Ndinakana. Amai ankadziimba mlandu okha, amvekere anamukakamiza pachitunda, amvekere awononga chinthu chomaliza chimene amuna awo anawasiyira. Anasiya kubwera kukhola. Izi ndi zimene zinandilepheretsa kupirira. Tsiku lachinayi ndinapita kunyumba kwawo, ndinavula chipewa, n'kuwauza zonse, za paipi, za dothi, za bodza langa kwa dokotala.

Nditamaliza, Amai anati, "Sekuru, mukanandiuza ndikanalira tsiku limodzi, n'kudikira chaka china. Munandiona ngati mwana wosatha kumva zoona."

Sanandichotse ntchito. Anangondiuza kuti ndikabwereze mawu omwewo kwa dokotala, ndipo ndinatero. Njiva ali moyo. Amayenda, amadya bwino, koma mwendo unapola uli wotupa ndipo sadzakweredwanso. Mahatchi ena akamatuluka m'mawa, iye amawatsatira m'mbali mwa waya, n'kuima pakona kumawayang'ana mpaka azimiririke. Amene amamutsekulira khola tsiku lililonse ndine, ndipo zimenezi ndimaziona ndi maso anga.

Choncho inu owerenga amene mukubwezera hatchi, ng'ombe ya pagoli kapena bulu pa ntchito atavulala, musawerenge masiku a pakalendala, muzimvera mwendo. Hatchi yolimba mtima sidandaula, imathamangira inu mpaka itathyoka, ndiye wolankhula m'malo mwake ndinu. Mukamva kutentha nenani tsiku lomwelo, ngakhale mwini wake akhumudwe. Munthu wachisoni amatha kusenza uthenga woipa kuposa mmene timaganizira. Ine ndinafuna kuwapepuza Amai tsiku limodzi la misozi, ndipo wolipira anakhala Njiva, amene sanandilakwirepo kanthu.