Mmene a Ulimbo Anasowetsera Mbalame ya mu Lipoti

Ine za eni sindikonda, mukundidziwa. Koma ukayandikana ndi ofesi ya anthu oteteza mbalame, mpanda wake wa waya, zenera lawo n'kuyang'ana pachingwe chako choyanikapo zovala, makutu sungawatseke ndi thonje. Nkhani zimangobwera zokha, ine n'kumayanika.

Munthu wake ndi a Ulimbo. Dzina lenileni ali nalo, koma ngakhale akazi awo amawaitana choncho. Sukulu analekezera sitandade folo, tsiku lomwe aphunzitsi anawapeza ndi mpheta zinayi zamoyo m'thumba la kabudula. Kuyambira pamenepo, zaka makumi atatu, ntchito yawo inali ulimbo, misampha ndi muluzu. Bambo ameneyu akaimba muluzu, mbalame imasiya mwamuna wake pachisa n'kubwera. Ana anayi anawalera ndi mbalame za m'makola zomwe ankagulitsa m'mbali mwa msewu.

Kenako bondo linayamba kuvuta, apolisi nawo akulanda makola. Bungwe loteteza mbalame lija litachita lendi nyumba yoyandikana nane, akazi awo, amene ndi mnzanga wa ponda apa nane mpondepo, anawakankha.

"Pitani mukapemphe ntchito yosesa. Koma zakale zija musakatsegule pakamwa, mwamva?"

Anawalemba. Fisi kumupatsa ulonda wa khola la mbuzi! Koma ndikuuzeni, pa ofesi yonseyo wodziwa mbalame anali fisiyo.

Tiyambe ndi a Bwana. Iwo ankagulitsa inshuwalansi ya magalimoto, kampani isanagwe. Mbalame amaikonda ikakhala pakalendala. Tsiku lina tambala wanga anadumpha mpanda, a Bwana anadzitsekera m'galimoto, mawindo kukweza, mpaka ndinapita kukawapulumutsa. Ndiye pali a Digiri, munthu waulemu, wopereka moni ndi manja awiri. Anaphunzira za mbalame kunja zaka zisanu, mayina onse achilatini ali pamutu, koma njiwa ikalira amayamba atsegula buku. Adalaivala anachokera ku minibasi, ndipo kwa iwo mbalame zili mitundu iwiri, yonona ndi yowonda.

Kagwiridwe kawo ka ntchito n'kotere. M'mawa uliwonse a Digiri amaima pakhonde mphindi khumi ndi kope, kulemba mbalame iliyonse yomwe aiona kapena kuimva. Amati kumva kokha n'kokwanira, chifukwa zina n'zamanyazi, sizionekera.

M'mawa wina ndinangomva kukuwa ngati munthu waponda moto. A Digiri anali atamva kambalame kena kosowa, ka khosi lofiira, kakulira kuseri kwa ofesi, kutchire kotayako zinyalala. Anajambula mawuwo pafoni, kutumiza kwa anzawo kunja, anzawo n'kuvomera kuti ndi komweko. Analemba lipoti lalikulu. Bungwe lina lothandiza linasangalala, linati litumiza munthu adzaone yekha.

Kanalira miyezi isanu ndi itatu, m'mawa uliwonse, kupatula Lamlungu. A Digiri anabwerapo Lamlungu katatu, kuli zii. Analemba kuti kamaopa phokoso la kwaya ya tchalitchi chapafupi. Ine pachingwe changa ndinkawaona a Ulimbo kuseriko, tsache m'manja, milomo atasongola. Koma anandifunsa ndani? Eni akenso sankadziwa kuti ali mu lipoti. Wosesa amamuonetsa lipoti ndani?

Mavuto anabwera ndi fomu. Othandiza aja anafuna mbiri ya wantchito aliyense: anaphunzira chiyani, ankachita chiyani kale. A Bwana anaitana mmodzimmodzi, zenera lili chitsegulire. Inshuwalansi ija inasanduka "ukatswiri woona za ngozi." Minibasi inasanduka "zamtengatenga." Atafika a Ulimbo, chenjezo la akazi awo linali litauluka.

"Kale munkatani, madala?"

"Ndinkagwira mbalame, bwana."

"Kuzigwira bwanji? Kuziwerenga?"

"Ayi, ndi ulimbo. Tsiku labwino makumi awiri."

Cholembera chinagwa pansi, ndinachimva ndili kwathu. A Bwana anati alendo akamva zimenezi bungwe latha, choncho a Ulimbo asiye tsache pomwepo, asadzaonekenso.

Masana ake mnzanga uja anabwera kwanga maso ali psuu. Munthu wa zaka zimenezo, bondo lotupa, wopanda pepala lililonse, angamulembenso ndani? Kubwerera kutchire sangathe. Mwana wawo womaliza akadali pasukulu.

"Ndinawauza, anzanga, ndinawauza! Zaka zonsezi kunamiza mbalame, lero alephera kunamiza munthu mmodzi wovala tayi?"

Mawa lake kambalame sikanalire. Mkuja wake chimodzimodzi. Sabata yonse a Digiri anaima pakhonde kope lili m'manja, kuonda tikuwaona. Mlendo wa othandiza aja anali kubwera Lachinayi. Lolemba a Bwana anafika pampanda, ataima patali ndi nkhuku zanga.

"Mayi, mphaka wanu uja mumamumanga?"

"Mphaka amamangidwa, bambo? Walakwanji?"

"Tikuganiza kuti wadya mbalame yathu. Ndi mlandu waukulu umenewu."

Apo ndiye ndinayamba kutentha. Mphaka wanga ngokalamba, ngakhale khoswe amamupatsa moni n'kudutsa.

"Mbalame yanu sinadyedwe," ndinatero. "Munaichotsa ntchito nokha Lachiwiri lapitali. Ili kunyumba kwake, yakhala pampando, ikusisita bondo."

A Digiri anali kumbuyo kwawo. Anakhala pansi pomwepo, pafumbi, ndi buluku loyera. Ndinawamvera chisoni, koma pang'ono.

Ndinawaperekeza ndekha onse awiri kwa a Ulimbo, si kuti ndikamve nawo ayi, njira yake njosokoneza. A Digiri anatsegula foni, kambalame kanalira. A Ulimbo anamvetsera, mutu atapendeka.

"Ameneyo ndine, achimwene. Apo ndinali ndi chimfine, mwamva pomalizira pakusasa?"

"Koma chifukwa chiyani, madala?" anafunsa a Digiri.

"Kamandisangalatsa posesa. Nanga inu munakhulupirira kuti kangakhale pa zinyalala? Kameneko kamafuna bango ndi madzi oyenda. Buku lanu silinanene?"

"Linanena. Tinkati kasintha khalidwe."

A Bwana anafunsa ngati a Ulimbo angabisale kutchire kuja Lachinayi n'kuimba pang'ono, kamodzi kokha. A Digiri anadzuka, anati akatero iwo asiya ntchito lero lomwe. Kupusa avomera, koma kuba ayi. Ndinayamba kuwakonda pomwepo. Ndiye a Ulimbo anati kenikeni akudziwa komwe kali, ulendo wa maola awiri pagalimoto, komwe ankakatchera kale. Asanamalize, akazi awo analowerera.

"Sapita. Munthu wochotsedwa ntchito amakwera galimoto ya kampani? Kalata kaye, yosainidwa, yodinda. Apo ayi kaimbeni nokha muluzuwo, bwana."

Kalata inabwera Lachitatu, chidindo chili chonyowa.

Za Lachinayi anandiuza adalaivala. Anafika kubangoko dzuwa litangotuluka. Mlendoyo, mayi wamtali wa chipewa chachikulu, makina oonera patali ali pakhosi. A Ulimbo anawauza onse akhale chete, a Bwana azimitse foni. Anaimba kawiri. Kachitatu bango linagwedezeka, kambalame kanatulukira, khosi lili psuu, kakufunafuna mnzake wamwano amene walowa m'dera lake. A Digiri analira misozi. Mayi uja anafunsa kuti bambo wa muluzuyu anaphunzira kuti.

"Iwowa anachita maphunziro a, a..." a Bwana anayamba.

"Ndinkazigwira n'kumagulitsa, mayi," a Ulimbo anatero. Munthuyu saphunzira.

Mayi uja anaomba m'manja! Anati wotchera wotembenuka ndiye munthu amene akhala akumufuna zaka zonsezi, anawajambula zithunzi makumi angapo. Pobwerera a Bwana anali akufotokoza mmene anamupezera munthuyu m'mbali mwa msewu, n'kumuphunzitsa kukonda chilengedwe pang'onopang'ono, ngati mwana wawo. Adalaivala akuti anatsala pang'ono kugwera mu ngalande.

A Digiri analemba kalata kunja yovomera kuti miyezi isanu ndi itatu ija ankawerenga munthu. Inawatengera masiku anayi, koma anaitumiza. A Ulimbo tsopano ndi "mlangizi wa kutchire," ali ndi yunifolomu ndi nsapato za jombo, ngakhale tsache sanawalande, poti wosesa wina sanalembedwe. Kuwaletsa muluzu analephera, umangotuluka wokha. Ndiye anakhazikitsa lamulo latsopano. M'mawa uliwonse chinthu chikalira kuseri, ndimamva a Digiri pakhonde:

"Madala, ndinu?"

"Si ine, achimwene, imeneyo ndi pumbwa. Lembani."