Chitseko Chobiriwira cha a Andrea

A Andrea Mbewe anabadwa ali odabwa. Azamba amene anawalandira ku Mpingu ankanena kuti mwanayo sanalire ayi, anangotong'ola maso n'kumayang'ana kudenga ngati mlendo amene walowa nyumba yolakwika. Anakula choncho. Munthu akawapatsa moni ankayamba acheuka kaye kuti aone ngati pali wina kumbuyo kwawo. Koma manja anali nawo, ndipo ulesi sankaudziwa n'komwe.

Atakula anakwatira Benedeta, mtsikana wa m'mudzi wina wa panjira yochokera ku Namitete kupita ku Nsaru, nakakhala komweko pachikamwini. Abale anga, munda wa apongozi awo unali munda! Mzere umodzi ukauyamba mvula yoyamba itangogwa, pofika kumapeto unkapeza anthu akukolola. A Andrea analima mpaka msana unayamba kufanana ndi mpini. Mwana wawo woyamba, Zelifa, atabadwa, anatuma ankhoswe kukapempha chitengwa, kuti amutenge mkazi wawo akakhale pawokha.

Mwini mbumba anali a Amosi, atsibweni ake a Benedeta, munthu wamfupi wokonda fodya wamphuno. Anayetsemula kaye asanayankhe.

"Mwana wathu sapita kukagona m'chisakasa. Akamwiniwo akamange nyumba ya njerwa, ya malata, ya chitseko cha matabwa chotseka ndi kiyi. Ndikadzachigogoda ndi dzanja langali, adzamutenge."

M'chaka cha 1951 a Andrea anapita ku Halale, nakalowa ntchito yopala matabwa. Kumeneko sankadya, ankangonunkhiza chakudya. Atabwera pa tchuthi anamanga nyumba ija pa Namitete, m'mbali mwa msewu wa ku Fort Manning. Chitseko anachita kubwera nacho kuchokera ku Halale konko: cha mlombwa, chopaka penti wobiriwira, chogwirira chake cha mkuwa chowala moti nkhuku zinkabwera kudzadziyang'anirapo. Kulemera kwake, lole imene inachinyamula inayenda ulendo wonse mateyala akutsogolo ali m'mwamba. Anaikamonso bedi la matabwa ndi tizitseko ta m'mazenera. Koma a Amosi anakana kudzagogoda. Anati mwana wawo sangasiyidwe yekha pamsewu mwamuna ali kunja. A Andrea akamalize kaye ntchito, abwereretu.

Nyumba ikakhala yopanda munthu imadyedwa ndi chiswe. Ndiye anaisiya m'manja mwa a Nickson, amene ankadzitcha kapitawo wa nyumba za matchona, woikamo anthu a lendi eni ake akakhala kutali. Bamboyu ankamanga makiyi m'chiuno ambirimbiri, akamayenda ana ankathawa poganiza kuti kukubwera gule. Kungoti sankayenda kawirikawiri. Ankakhala pansi pa mkuyu pafupi ndi sitolo ya Mmwenye, akusewera bawo kuyambira mame mpaka nkhuku kulowa, moti udzu unamera momuzungulira n'kusiya malo a matako okha.

"Pitani ndi mtima umodzi, a Mbewe," anatero maso ali pa bawo. "Ndidzaisamala ngati dzira."

A Andrea anabwereratu mu 1956, misika ya fodya itangotsekedwa. Anayamba afika kaye kumudzi kwa mkazi wawo, ndipo zodabwitsa zinayambira pomwepo. Apongozi aakazi, amene kale ankawathawa n'kumalankhula nawo kuseri kwa nkhokwe, anagwada patali n'kuomba m'manja. "Zikomo, akamwini, chifukwa cha zija." Nkhalamba ina inabwera ndi tambala. Ina inawagwira dzanja osalisiya, misozi ili chuchuchu. A Andrea anacheuka. Kumbuyo kunalibe munthu.

"Palibe kanthu," ankangoyankha choncho, mtima ukufunsa kuti zija ziti.

A Andrea anamukokera pambali Benedeta. "Kodi amake Zelifa, anthuwa akuthokoza chiyani?"

"Aa, inunso abambo a Zelifa, kudzichepetsa mpaka pati? Munatichotsa manyazi."

A Andrea anaganiza za bulangete limene anatumizira apongozi chaka china. Linali lopyapyala ndithu, koma mwina kuno kunazizira kwambiri.

M'mawa mwake anapita ku Namitete kukaona nyumba, kuti akaitane a Amosi adzagogode. Anaidutsa osaizindikira. Anabwerera, naidutsanso. Nyumba imene inali pamalo pa nyumba yawo inali yasaa ngati nkhalamba yoguluka mano: pakhomo papachikidwa mphasa, m'mazenera mwatsekedwa ndi masaka. Mkati munkalira makina osokera.

"Odi!"

Munatuluka munthu wa tepi m'khosi. Anati dzina lake ndi Moses, telala, ndipo nyumbayo amachita lendi.

"Nanga chitseko chili kuti?"

"Chitseko chanji, bambo?"

"Chobiriwira. Cha chogwirira cha mkuwa."

"Ine ndinapeza chonchi. Nditafunsa a Nickson anati mwini wake anazolowera ku Halale, amakonda mphepo."

"Mwini wake ndine."

"Oo! Ndiye mumakondadi mphepo, eti? Ife chifuwa sichitichoka."

A Andrea analowa. Pamene panali bedi panali dzungu. Anatuluka, nazungulira nyumba yonse, mwina poganiza kuti chitseko chasamukira kuseri. Kenaka analunjika ku mkuyu.

A Nickson anali pomwe anawasiya paja, mwendo womwewo uli pamwamba pa unzake.

"A Mbewe! Mwabwera liti? Taimani ndimudye kaye uyu." Anatakata, nadya nkhomo za mnzawo, kenaka anafufuza m'chiuno n'kusolola kiyi. "Nayu. Sanatayike ngakhale tsiku limodzi. Ena akanataya."

A Andrea analandira kiyiyo ndi manja awiri, mpaka kuthokoza. Anakumbuka pambuyo pake.

"Koma a Nickson, kiyiyu ndikatsekula chiyani? Chitseko kulibe."

"Kulibe?"

"Kulibe."

"Mwayang'ana bwino?"

"Kodi inu munapitako liti komaliza?"

A Nickson anayang'ana kumwamba. "Chaka chija kunagwa matalala. Kapena chinzake. Koma ndimaiona ndili pompano, dengalo silo likuwala apolo? Kalaliki wa fodya amene ndinaikamo uja ndi munthu waulemu."

"Muli telala."

"Telala? Ndiye kalaliki uja anaphunzira kusoka?"

Amene ankasewera nawo bawo anathandiza kukumbutsa. Kalaliki anachoka kalekale, msika utatsekedwa, ndipo anapita ndi bedi. Pambuyo pake munalowa wogula mtedza, amene anachoka ndi tizitseko ta m'mazenera, ati kukakonzetsa.

"Bedi lija linali lanu?" anadabwa a Nickson. "Ha! Ndiye munthu uja ndi wakuba. Ndinamuthandiza ndine kukweza pa lole. Kulemera kwake! Munagula bedi labwino, a Mbewe."

"Nanga chitseko?"

Apa a Nickson anakanda chibwano nthawi yaitali. Kenaka anati akukumbukira pang'ono. Kunabwera anthu ndi ngolo, nkhope zili zakugwa, nanena kuti kwagwa maliro ndipo matabwa a bokosi asowa dera lonse. Iwo anali pakati pa masewera ovuta.

"Ndinangoti kazuleni, mwini wake ndi munthu wabwino, anasiya mawu."

"Ndinasiya mawu ine?"

"Mukanakhalapo mukanakana maliro?"

Zoonadi, maliro sakanizidwa kanthu. Adzukulu, anthu okumba manda aja, akagwira nkhuku yako pamaliro umangoyang'ana kumbali. Koma nkhuku ndi nkhuku.

"Anali maliro a yani?"

"Sindinafunse. Munthu ali pachisoni ungamamufunse mafunso?"

A Andrea anabwerera kumudzi. M'mutu munali chinthu chimodzi: popanda chitseko a Amosi agogoda chiyani? Ankadziona atakalamba pamzere womwe uja wa apongozi, ndevu zikukodwa m'khasu. Anaganiza zopita kukapempha kuti awadikire chaka china. Atafika pakhomo pa a Amosi anagwada, nakweza maso kuti anene odi. Pa kachitseko ka bango ka a Amosi panali patamangiriridwa ndi luzi chogwirira cha mkuwa, chikuwala ngati dzuwa.

"Mwachizindikira?" anatero a Amosi akutuluka. "Ndinasungako chokhachi, chikumbutso. Akulu anga a Samson anapita ngati Mzungu."

A Samson anali mkulu wawo wa a Amosi, munthu wamtali amene ankathyola mapapaya atagwada. Anamwalira a Andrea ali ku Halale. Pokhala mkulu wa mpingo, sakanaikidwa m'mphasa, koma thabwa lowakwana linasowa kuyambira ku Nsaru mpaka ku Kabudula. Ndiye wina anakumbuka kuti mkamwini ali ndi chitseko pa Namitete.

"Bokosi lobiriwira!" anapitiriza a Amosi. "Anthu anaiwala kulira, kumangolisisita. Olinyamula mpaka lero mapewa ndi opendekeka."

Madzulo a tsiku lomwelo a Amosi anaitanitsa mbumba yonse pabwalo la nyumba yawo. A Andrea anakhazikidwa pampando, chinthu chimene mkamwini wa m'mudzimo anali asanachionepo. Mtima unayamba kukhala pansi. Mwina zinthu zikhoza kutha bwino.

"Ndinanena kuti ndidzagogoda chitseko," anayamba a Amosi. "Ndinachigogoda, ndi hamala. Mangawa amenewo anatha." Anthu anaomba m'manja. "Koma takhala pansi ife akuluakulu. Mkamwini wotere, wopereka chitseko chake asanapemphedwe n'komwe, ndi wosowa. Tingamulole apite? Ndiye kutaya mkanda wa m'khosi kumeneko. Akhale pompano mpaka kalekale. Munda tamuwonjezera, kuyambira pachulu paja mpaka kudambo. Ndiponso okalamba tidakalipo ambiri, ndipo tamva kuti kunyumbako kuli bedi la matabwa abwino."

Nkhalamba zinagwedeza mitu. Ina inadziyeza m'litali ndi dzanja, mwakachetechete.

A Andrea anayang'ana kumene kunali dambo. Silinkaoneka n'komwe, linali kuseri kwa dziko. Anangozindikira ataimirira.

"Pepani, atsibweni. Chitseko chija sindinapereke ine. Chinabedwa."

Onse anawatong'olera maso. Ngakhale mbuzi inasiya kutafuna.

"Chinabedwa," anabwereza a Amosi pang'onopang'ono. "Ndiye akuba ndife?"

"Ayi! Wakuba ndi a Nickson. Kapena ayi, iwo sanabe, anangoloza. Amene anazula ndiwo... koma iwonso anauzidwa. Ndiye kuti palibe anaba. Koma chinabedwa."

"Mukuti akulu anga agona m'katundu wakuba? Mkulu wa mpingo?"

"Iwo sakudziwa, atsibweni."

"Mukufuna tikafukule?"

"Ayi, ayi! Achigwiritse ntchito."

Apongozi aakazi anayamba kulira maliro a a Samson kachiwiri. Nkhalamba ya tambala ija inafunsa ngati tambalayo waphedwa kale. A Amosi ananunkha fodya, nayetsemula mwamphamvu moti nkhunda zinauluka padenga.

"Chibadwire sindinatukwanidwepo chonchi, pakhomo panga, ndi munthu wodya mchere wanga. M'mudzi muno simugonanso. Tengani mkazi wanu ndi mwana wanu, muzipita ku nyumba yanu yamphepoyo!"

A Andrea anayamba kupepesa. Anagwada, nayamba kulonjeza kuti munda uja alima mpaka kudambo. Pamenepo anamva chala chikuwatsina m'nthiti. Anali Benedeta, mtolo uli kale pamutu, Zelifa ali kudzanja.

"Dzukani, abambo a Zelifa," ananong'ona, "asanasinthe maganizo."

Ali panjira a Andrea anafunsa, "Kodi amake Zelifa, atipatsa chitengwa kapena atithamangitsa?"

"Yendani. Mukafunsa tikafika."

Sanayankhidwe mpaka ukalamba. Telala uja anasamukira m'chipinda chakuseri, ndipo anakhala nawo zaka zambiri akutsokomola mwa chizolowezi. Bedi ndi tizitseko sizinapezeke. A Andrea anapitanso ku mkuyu atakonzeka kukalipa, atayeserera mawu ake njira yonse. A Nickson anamvetsera nkhani yonse, nati, "Ndiye popanda ine bwenzi mukulima kwa apongozi, eti? Ena akanabwera ndi nkhuku." A Andrea anabwerera kunyumba, ndipo anthu ena amalumbira kuti nkhukuyo anakaperekadi.

Chitseko chatsopano sanafunenso cha matabwa. Anapeza mgolo wa mafuta a galimoto, naung'amba, nauwongola ndi hamala, n'kuukoloweka pakhomo. Chikamatsekulidwa m'mawa, agalu ankauwa mpaka ku Nambuma, ndipo ana a sukulu ankathamanga poganiza kuti belu lalira. Chaka china kutagwa maliro a munthu wonenepa kutsidya kwa msewu, adzukulu anafika pakhomopo ndi ngolo. Anayang'ana chitsekocho, anachigogoda, anayang'anana. Kenaka anafunsa Benedeta ngati pakhomopo pali tebulo.