Uthenga Wochokera mu Ofesi Yopanda Anthu

Lachiwiri, 9 Disembala

Ndadzuka mtima uli m'mwamba. Phiri la Michesi lavala mitambo yakuda kuyambira dzulo, ndipo foni ya ababa yalira m'mamawa ndi uthenga uja: "Moni alimi. Mtsinje uli phee. Limani mosadandaula." Ababa awerenga mokweza monga amachitira tsiku lililonse. Mawuwo ndinalemba ndine, ku Blantyre.

Ndinaganiza zochoka kumudzi kuno nditangolemba mayeso a Fomu 4. Sindinkafuna kudikira zotsatira ndikupeta nandolo pakhomo. Achimwene a Lonjezo, mwana wa azakhali anga, ankalemba mapulogalamu a pa foni pakampani ina yaing'ono, ndipo anati pakufunika mtsikana wodziwa Chichewa ndi Chilomwe. Amayi anakana. Ababa anati, "Msiyeni apite. Mwina adzatibweretsera nzeru zoti madzi asadzatipezenso tili chigonere." Ankanena za chaka chija napolo anatsika m'phiri n'kutenga nyumba za kumunsi kwa Chiringa, ndi mng'ono wanga Mphatso pamodzi.

Kampaniyo inkapanga zomwezo. Inaika tizipangizo pamilatho toyeza madzi, ndipo pulogalamu inkatumiza uthenga kwa alimi ngati mtsinje ukukwera. Ntchito yanga inali kulemba mauthengawo ndi kuyesa pulogalamu ngati ikugwira bwino. Mu ofesi munali phokoso ngati pamsika. Wina akalemba gawo lake, mnzake ankaliwerenga, n'kuyamba kukangana. Achimwene a Lonjezo ndiwo ankavuta kwambiri. Funso lawo linali limodzi: "Nanga chikawonongeka?" Anzawo ankawaseka kuti ndi a Tomasi Didimo. Iwo ankati, "Sekani, koma mtsinje sudziwa nthabwala."

Kenaka abwana anabweretsa makina anzeru aja amati AI. Umangowalembera chimene ukufuna ngati ukutuma munthu, iwo n'kulemba pulogalamu yonse tiyi asanazizire. Poyamba tinasangalala. Ngakhale ine, amene ndinali ndisanaphunzire zambiri, ndinapanga tsamba lolembetserapo alimi tsiku limodzi, ndipo ndinatumizira amayi chithunzi chake. Ntchito ya mwezi inkatha sabata imodzi.

Koma mu ofesi munayamba kuzizira. Anthu anasiya kufunsana, aliyense ankafunsa makina. Mikangano ija inatha. Mizere ya pulogalamu yolembedwa ndi makinawo inachuluka kwambiri moti panalibe woiwerenga yonse. Achimwene ankayesetsa, maso ali psu, mpaka abwana anawauza kuti akuchedwetsa ntchito. Mipando inayamba kutsala yopanda anthu. Wa achimwene unali wachitatu. Pochoka anandisiyira kapu yawo ya tiyi n'kunena kuti, "Mlongo, uzifunsako funso langa lija." Ndinavomera, koma ndikanafunsa ndani? Ndinafunsa makinawo, anandiyankha mwaulemu kuti zonse zakonzedwa bwino.

Masiku amenewo ndinali ndekha kwambiri. Ndinkakhala m'kachipinda ka lendi ku Ndirande, ndipo panali masiku amene ndinkafika kunyumba ndisanalankhule ndi munthu wamoyo kupatula kondakitala wa minibasi. Kumudzi ndinkatumiza ya sopo ndi feteleza pang'ono. Amayi akaimba ndinkati zonse zili bwino. Iwo ankati, "Mawu ako apyapyala, Tadala. Ukudya?"

Mu Okotobala othandiza kampani anasiya kupereka ndalama. Ofesi inatsekedwa. Ndinaona ndi maso anga matebulo akukwezedwa pa lole. Ndinafunsa abwana za mauthenga a alimi. Anati, "Azipita okha, zinalipiridwa mpaka chaka chamawa. Sizifunanso munthu."

Ndinabwera kuno ndi chikwama chimodzi. Ndinkaopa kuti anthu andiseka, koma zimene ndinapeza n'zoopsa kuposa kusekedwa. Anandilandira ngati mlendo wolemekezeka. Kumpopi amayi ena anandiuza kuti masiku ano amagona tulo tabwino chifukwa anzanga a ku Blantyre akuyang'anira mtsinje. Ndinangomwetulira.

Dzulo ndinapita pamlatho. Kachipangizo kaja kalipo, koma kambale kake ka sola kanazulidwa, ndipo mawaya akungolendewera. Mavu amangamo chisa. Ndinaimbira achimwene a Lonjezo, amene tsopano amakonza mafoni ku Limbe. Iwo anati, "Ndinkaopa zimenezo. Ikapanda kumva chilichonse kuchokera pamlatho, pulogalamuyo imangobwereza uthenga womaliza. Idzanena kuti mtsinje uli phee ngakhale madzi ali m'khosi."

"Simungaikonze?"

"Makiyi olowera m'pulogalamuyo ndilibe, mlongo. Ndipo amene anailemba si munthu woti ndingamuimbire foni."

Pobwerera ndinadutsa pamtengo wa mango wa a Namakhwa, mkulu wa mpingo amene nyumba yake ili kumtunda, pamene mkokomo wa mtsinje umayamba kumveka. Kuyambira chaka cha napolo pankapachikidwa chitsulo cha tayala la galimoto. Mvula ikakula kuphiri, abambo ankasinthana kukhala pamenepo, ndipo akamva miyala ikugundana m'madzi ankachimenya kuti a kumunsi athawire kusukulu. Dzulo ndinapeza chingwe chokha. Chitsulocho a Namakhwa anachisandutsa mbaula yowotcherapo chimanga.

"Chinatha ntchito, mwanawe," anandiuza akuseka. "Mwatipumitsa inu ophunzira. Ife msana unatha ndi udzudzu pamtengo apa."

Pamenepo ndinazindikira kuti zimene zinachitika mu ofesi muja zinachitikanso kwathu kuno. Nakonso anthu anasiya kufunsana.

Lero masana ndinayesa kuuza ababa. Anali kukonza mpini wa khasu pakhonde.

"Ababa, ku ofesi kuja kulibe munthu."

"Ali patchuthi?"

"Anatseka. Uthengawo ukungobwera wokha."

Anatulutsa foni m'thumba n'kuiyang'ana nthawi yaitali. "Koma ndi mawu ako awa."

"Ndi anga, koma ine ndili pano. Sindikuona mtsinje."

Sanakwiye. Anayang'ana kumunsi, kumene kunali nyumba yathu yakale, n'kunena motsitsa, "Ndimati Mphatso anatisiyira mlonda." Kenaka anapitiriza kusema mpini uja.

Ndinkafuna kukhala wolemba mapulogalamu, ndipo ndikufunabe. Makina aja si mfiti. Anandithandiza kuphunzira zambiri. Koma sanataye mng'ono wawo, ndipo sadzuka akamva bingu. Ndikadzabwerera kuntchito imeneyi ndidzakhala wovuta ngati achimwene a Lonjezo, andiseke asandiseke.

Kuphiri kwayamba kugunda pamene ndikulemba. Amayi akulowetsa nkhuni. Foni ya ababa ili pawindo, ndipo ndikudziwa chimene idzanene mawa m'mawa.

Mawa, isanalire, ndipita kwa a Namakhwa ndi mbaula yathu ya makala kuti tisinthane ndi chitsulo chija. Ababa anena kuti chingwe chatsopano apota okha, ndipo tsiku loyamba kukhala pamtengo ndi lawo. Ndikachoka kumeneko ndiyenda khomo ndi khomo kumunsi konse, kuwauza kuti uthenga wa Tadala asaukhulupirirenso.