Mkaka wa Chumba

Nditakwatiwa kunyanja kuno, amalume anandipatsa msoti wa mbuzi kuti ndiyambire khola. Zaka zinapita, atonde onse a m'mudzi anayesa mwayi wawo, koma mbuziyo osatenga bere. Inenso kumsana kwanga kunalibe mwana. Choncho apongozi anga aakazi akamati, "Mbuzi yosaswa ndi ndiwo basi," maso ali pa ine, ndinkadziwa kuti sakunena mbuzi yokha. Zinkandiwawa kwambiri.

Chikondwerero cha Idi chitayandikira, apongozi analamula kuti chumbacho chiphedwe, ndipo amuna anga ananoleratu mpeni. M'mawa wina ndikuimasula mbuzi ija ndinaona mawere ake atatupa. Kufinya pang'ono, mkaka tsaa pachitenje changa!

"Yaswera kutchire imeneyi, mwana yabisa!" anakuwa apongozi. Mbuzi yoyamwitsa angaiphe ndani? Anatuma amuna anga kukasaka kamwanako. Munthu wamkulu, mwini bwato, ndevu pepeya, anaswera m'bango ndi m'minda ya chinangwa akulira "mee, mee" kuti kayankhe. Amayi oyanika usipa anaseka mpaka kukhala pansi. Anabwerako ali matope okhaokha, atanyamula kamwana ka mbuzi monyadira, mwini wake akuwatsata pambuyo ndi mwano.

Alangizi a ziweto atadutsa pa njinga, anaigwiragwira pamimba nati, "Mayi, iyi sinaswepo, bere ilibenso. Zimachitika ndithu, mbuzi zina mkaka umangobwera wokha."

"Ndiye mpeni uja uli kuti?" anafunsa apongozi.

Koma ine ndinkadziwa pofooka pawo: tiyi wamkaka. Ndinapempha kuti adikire kuti kuche. M'mawa ndinakama, ndikuwiritsa bwinobwino, ndikuwapatsira m'kapu yawo yaikulu ija pamodzi ndi chinangwa chophika. Anamwa, napempha wina, kenaka anandifunsa:

"Apongozi, wa golosale iti umenewu? Ukukoma."

"Si wa kugolosale, amayi. Ndi wa ndiwo zija."

Anayang'ana m'kapu nthawi yaitali, kenaka anandiyang'ana ine. Ndinaganiza kuti lero ndipakira katundu. Koma anangopukuta pakamwa ndi nsonga ya mpango nati, "Mawa mukamenso."

Pa Idi tinadya tambala wawo, amene ankamukonda ngati mdzukulu. Kumsana kwanga mpaka lero kulibe mwana, koma mawu a ndiwo aja sindinawamvenso pakhomo pano.