Chisipanishi Changa cha Milungu Isanu

Ndinali nditangophunzira Chisipanishi milungu isanu yokha ku koleji, koma kunyumba yosamalira okalamba ku Tottenham mumzinda wa London, komwe ndinkagwira shifiti ya Loweruka, ndinkadzichemerera ngati katswiri.

Tsiku lina Mayi Phiri, nesi wamkulu, anandikoka dzanja. "Iwe Tadala, paja umayankhula Chisipanishi? Bambo a m'chipinda chomaliza aja ndi a ku Colombia, komwe amayankhula chimenecho. Chibwerereni kuno sanatsegulepo pakamwa."

"Musadandaule mayi, ndimachitha," ndinatero.

Ndinalowa n'kuwapatsa moni wa m'buku uja. Bambowo anadzutsa mutu pang'onopang'ono n'kundiyang'anitsitsa. Kenako mawu anangoyamba kukhuthuka. Munthu amene tinkamudyetsa ndi supuni ali duu anayankhula osapumira, akuseka, akuloza pawindo, mpaka anayamba kuyimba ndi mawu amphamvu, atandigwira dzanja. Sindinkadziwa kuti m'thupi lofooka lija munali moyo wochuluka chonchi. Koma pa zonsezo ndinatolapo mawu awiri basi, otanthauza "khofi" ndi "amayi". Ndinkangogwedeza mutu ngati gulo, n'kumavomera kuti "sí, sí," kutanthauza "inde, inde."

Nditacheuka, ndinaona Mayi Phiri ali pakhomo, akupukuta misozi. "Akuti chiyani?"

"Akuti akusowa kwawo," ndinayankha, "komanso chakudya chathu n'chokoma kwambiri."

Zonsezi ndinangopeka. Mayi Phiri anathamanga kukauza ophika, ndipo ophikawo anayenda monyadira sabata yonse. Mpaka lero sindidziwa zimene bambo aja anandiuza, kapena zimene ndinawalonjeza ndi "sí" wanga uja.